Tamara Anafika Poyamba

Ndikuphika mpunga, ndipo fungo lake landibwezera ku Kambombo, kumunda kwa azakhali. Ine ndi mwana wawo Tamara tinkaingitsa mbalame, matope mpaka m'maondo, tikumenya zitini. Tsiku lina Tamara anagona pamthunzi, mpheta n'kudya mbali yake yonse. Atadzuka anathamangira kunyumba: "Amama, Esinati amangosewera, mpunga watha!"

Azakhali anandikwapula osandifunsa kanthu. Ine ndinaganiza kuti wofika poyamba ndiye mwini nkhani, basi ndinayamba kuphunzira liwiro.

Manje ndimasimbira ana anga, ndi a msuweni wangayo omwe, nthano ya mtsikana waulesi wabodza, dzina lake Tamara. Dzulo anabwera atakwiya, ana ake akumuseka.

"Iwe Esinati, sizinali tero!"

"Khala pansi, msuweni," ndinamuyankha. "Wosimba manje ndine."