Mkuyu wa pa Phompho Lachikhumi

Barat ndi mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga Zarrin. Mukamachoka m'tauni ya Darab kulowera kumapiri mumamupeza m'mbali mwa msewu, munthu wamfupi wamapewa otambalala, atakhala pansi pa mtengo wa malalanje, mabotolo a uchi atawandandalika pathebulo. Lero anthu amangomudziwa ngati mlimi wa njuchi. Koma kwa zaka khumi ndi ziwiri, aliyense wofuna kutsika zigwembe za kwathu kuno ndi chingwe ankayamba waodira pakhomo pake.

Chingwe anachidziwira kwa bambo ake, amene ankafula uchi m'mapanga a pamaphompho. Chawo chinali cha ubweya wa mbuzi, choluka amayi ake. Bambowo atamwalira, Barat anapitiriza yekha. Kutalika kwa phompho sankakuopa, ankaopa mitambo. Kuno mvula ikhoza kugwa kuseri kwa phiri inu osaona ngakhale dontho, kenako madzi n'kukupezani m'chigwembe mulibe kothawira.

Kamyar anafika chaka chimene zitsime zinauma. Anali dokotala wa mano wa ku Shiraz, wamtali, wosachedwa kuseka, galimoto yake itadzaza zingwe zamitundumitundu, zisoti, malamba a m'chiuno ndi tizitsulo tolira ngati mabelu a mbuzi. Anasochera, ndipo pofunafuna njira anapeza Barat ali lendelende paphompho.

"Achimwene!" anakuwa ali pansi. "Chingwe chimenecho n'chamasiye cha agogo anu kapena?"

"Nanga chanu chokongolacho chinabweretsapo uchi kunyumba?" anayankha Barat ali m'mwambamo.

Ubwenzi unayambira pomwepo. Kamyar anamuphunzitsa kachitsulo kotsikira, kamene kamaluma chingwe kuti munthu azitsetsereka pang'onopang'ono. Barat anamuphunzitsa kugogoda mwala n'kumva ngati ndi wolimba kapena wofumbwa mkati. Lachinayi lililonse Kamyar ankafika, kuvula nsapato pakhomo, kukhala pamkeka n'kudya mpunga wa Zarrin ngati kwawo. Amayi a Barat ankamutcha mwana wanga wa m'tauni. Tsiku lina anazula Barat dzino pakhonde penipeni, tonse tikufa ndi phwete. Ine ndinalowa m'gulumo chifukwa cha pikiapu yanga. Ndinkawatula pamwamba pa chigwembe n'kukawadikira kumunsi, mpaka Barat anandimanga lamba m'chiuno n'kunena kuti, "Alamu, mukalamba mukungodikira anzanu."

Panali chigwembe chimodzi chimene munthu anali asanachitsikepo kuchokera pamwamba mpaka pansi. Abusa amachitcha Khamush. Ndi mng'alu chabe m'phiri louma, malo ena opapatiza moti chikwama umachita kuvula n'kumachikankha patsogolo. Barat anachizonda zaka zitatu, akusuzumira m'mphepete, akuponya miyala n'kumamvetsera pamene yagwera. Anawerenga maphompho khumi ndi anayi.

Tinalowamo m'mawa wina m'nyengo ya makangaza, tili anayi: Barat, Kamyar, ine, ndi Mahrokh, mphunzitsi wa masamu wa m'bungwe la okwera mapiri la ku Shiraz, momwenso Kamyar anali. Anali mayi wosalankhulalankhula, wodziwa chingwe kuposa ine, mpango ataupanikiza pansi pa chisoti, kamera ili pachifuwa.

Mukatsika phompho loyamba n'kukoka chingwe kuti chikutsatireni, njira yobwerera yatha, chatsala n'kutsikabe basi. Dongosolo lathu linali lakuti Barat azimanga chingwe n'kutsika woyamba kukaona ngati chafika pansi, kenako Mahrokh, kenako ine, Kamyar womaliza. Tinayenda bwino. Thambo linasanduka kamzere kabuluu pamwamba pathu. M'maiwe ena madzi ankafika m'khosi, ozizira moti Kamyar ankaimba mokuwa kuti mano asagundane. Masana, titatsika maphompho asanu ndi anayi, tinakhala pamchenga kudya buledi, tchizi ndi zipatso za kanjedza.

Phompho lachikhumi ndilo linali lalitali kuposa onse. Barat anazunguliza lamba wolimba kawiri pa chimwala chopanikizika pakati pa makoma awiri, anachilumphira, anachikoka ndi thupi lonse, n'kumangapo chingwe. Kuchokera pamenepo chingwe chinkadutsa m'ngalande yamdima momwe munkayenda timadzi. Anatsika. Patapita kanthawi tinamva likhweru lake kawiri, kutanthauza kuti wafika ndipo zonse zili bwino.

Mahrokh anali atabwerera kuseri kwa thanthwe kukafinya masokosi, kamera atamusiyira Kamyar. Kamyar anasuzumira pansi, kenako anayang'ana kudzanja lamanja. Pamlomo pa phompho panali kamkuyu, thunthu lake ngati mwendo wa munthu, ndipo kumunsi kwake kunkalowa dzuwa.

"Nosrat, taona kuwalako," anandiuza. "Munthu akatsikira apa alendewera padzuwa penipeni. Chithunzi cha chaka ndi chimenechi."

Anayamba kumasula chingwe pa chimwala chija.

"Adokotala," ndinatero, "Barat wamanga apa."

"Iwe za chiwongolero ndiye zako. Mkuyu mizu yake imaboola thanthwe, ukhoza kunyamula ngamira."

Mahrokh atabwera anayang'ana kamtengoko, n'kufunsa kuti, "Barat wamanga pamenepa?"

Kamyar anayankha kuti, "Zonse zili m'malo, mayi. Tsikani, mukafika padzuwapo muyang'ane kumwamba."

Ine ndinali pomwepo ndipo sindinatsegule pakamwa. Ndinaganiza kuti munthu wophunzira ngati uyu akudziwa chimene akuchita. Zimenezi ndimayenda nazo mpaka lero.

Mahrokh anatsika bwino mpaka patatsala msinkhu wa anthu atatu kuti afike pansi. Kenako ndinamva kuti tswa! Kamkuyu kanazuka ndi mizu yomwe, kanadutsa pamaso pathu pamodzi ndi chingwe n'kuzimiririka. Pansi panamveka kugunda kumodzi, kenako mawu a Barat akuitana dzina la Mulungu.

Kamyar anangokhala pansi, manja ali pamutu. Ndinatulutsa chingwe chachiwiri m'chikwama changa, ndinachimanga pa lamba wa Barat amene anali akadali pa chimwala, ndipo tinatsika. Mahrokh anali atagona m'mbali mwa dziwe, chisoti chitang'aluka, mwendo utapindika pamene sipayenera kupindika. Ankapuma. Barat anali atathyola kale nthambi za kamkuyu komweko, akumangira mwendowo ndi malaya ake.

"Barat, ndalakwa ine," Kamyar anayamba kulira. "Ndine ndasuntha chingwe. Ndamupha, Barat."

"Sanafe. Zimenezo tikakamba kunja. Gwirani apa."

Panatsala maphompho anayi, ndipo m'kati muja foni siigwira. Barat anabereka Mahrokh kumsana, tinamumangirira ndi malamba, ndipo anatsika naye onse anayi. Pa lililonse ankalankhula naye ngati akutonthoza mwana: "Latsala limodzi ndi theka, mayi. Mukapita kukawerengetsa ana masamu, musadandaule." Manja ake anasupuka mpaka chingwe chinafiira. Tinatulukira m'munda wa makangaza momwe tinasiya pikiapu m'mawa, dzuwa likadalipo, ndipo ndinayendetsa pikiapu ngati wamisala kupita kuchipatala.

Mahrokh anachira, koma za tsiku limenelo ankakumbukira mpaka pa chakudya cha masana basi.

Patatha milungu itatu bungwe lija linatiitana ku Shiraz. Barat anavala jekete la paukwati wake. Ananyamula mabotolo awiri a uchi, limodzi la Mahrokh, lina la ana a Kamyar. M'njira anandiuza kuti, "Tisakamuchititse manyazi munthuyu, alamu. Akavomera yekha, ine ndikanena kuti aliyense amalakwa."

M'chipindamo munali anthu ngati makumi atatu, ndipo kutsogolo kunakhala mchimwene wake wa Mahrokh, nkhope ili gwa. Wapampando anapempha Kamyar kuti afotokoze. Anaimirira, anakonza kolala, n'kulankhula mofatsa.

"Tsiku limenelo womanga zingwe zonse anali Barat. Ndi mnzanga, ndimamukonda, wanditsegulira nyumba yake. Koma abale athu akumudzi anazolowera kukhulupirira mitengo, ndi mmene makolo awo ankafulira uchi. Kulakwa kwanga ine n'kwakuti sindinaonetsetse mfundo yake."

Barat anatembenuka n'kundiyang'ana ngati wamva chilankhulo chachilendo. Kenako anaimirira.

"Adokotala, tandiyang'anani."

Kamyar ankayang'ana mapepala.

"Adokotala, mwadya mchere wa m'nyumba mwanga zaka zisanu ndi zitatu. Tandiyang'anani, munenenso."

Wapampando anamuuza kuti akhale pansi. Apo ndinaimirira ine n'kunena zonse: chimwala, kamkuyu, dzuwa, chithunzi. Ndinati aone m'kamera. Kamyar anayankha kuti kamera inagwera m'dziwe pa chipwirikiti chija. Ine ndinaiona ndi maso anga m'chikwama chake tili m'pikiapu.

"Inuyo ndi ndani wake wa Barat?" anandifunsa wapampando.

"Ndine mlamu wake."

Wina kumbuyo anaseka. Nkhani inathera pomwepo. Analemba kuti Barat asadzatsogolerenso gulu lililonse la bungwelo, ndipo anatumiza kalatayo ku mabungwe ena onse.

Tikutuluka, Kamyar anatipeza pa masitepe. Anagwira Barat pamkono n'kutsitsa mawu.

"Achimwene, mundimvetse. Mchimwene wa Mahrokh uja akanandikokera kukhoti. Ine ndili ndi chipatala, ndili ndi dzina. Inu muli ndi njuchi zanu, palibe chimene mwataya. Pakapita chaka anthu aiwala."

Barat anayang'ana dzanja limene linamugwiralo mpaka Kamyar analichotsa.

"Ndiye kuti dzina muli nalo ndinu nokha," anatero.

Anaika botolo la uchi la ana a Kamyar lija pa sitepe n'kutsika. Ulendo wobwerera unali wa maola anayi. Titayandikira kwathu anandiuza kuti ndiime. Anatsika, anasanza m'mbali mwa msewu, anapukuta pakamwa n'kukweranso.

Anthu sanaiwale. Kumsika ankati, "Suja anagwetsa mphunzitsi wamkazi uja?" Amene ankabwera kudzamufunsa njira anayamba kudutsa pakhomo pake magalasi a galimoto atatseka. Chaka chotsatira magazini ina ya okwera mapiri inalemba za Khamush, ndi chithunzi cha Kamyar ali chilili pamwamba pake, ndipo inati anatsika ndi anzake awiri komanso munthu wina wa m'deralo. Zarrin anaibisa, koma Barat anaipeza. Anaiwerenga yonse, kenako anasonkhanitsa chilichonse chimene Kamyar anamupatsapo, lamba, chisoti, tizitsulo, ngakhale mswachi, n'kundituma kuti ndikazisiye pakhomo pa chipatala chake. Kwa miyezi ingapo ankadzuka, kupita kuming'oma, kubwera, kudya, osayang'ana munthu kumaso. Chimene chinkamupweteka kwambiri, anandiuza tsiku lina, si kalata ija ayi. "Ndinkamusungira mbali yabwino ya nyama, alamu. Ana anga ankamutcha atsibweni."

Patapita zaka ziwiri, galimoto inaima pathebulo lake la uchi, ndipo munatuluka Mahrokh akuyenda ndi ndodo. Ine ndinalipo. Anakana mpando.

"Bambo Barat, pamsonkhano paja ine ndinali m'chipatala. Ndauzidwa zambiri. Ndabwera kuti ndimve kwa inu. Munamanga pa mtengo uja?"

"Ayi, mayi."

"Ndinatsika nanu maphompho asanu ndi anayi tsiku lija. Panali mitengo pa atatu, ndipo simunaikhudze n'komwe. Zimenezo ndikukumbukira."

Barat anatembenukira kuming'oma, mapewa akugwedezeka. Mahrokh analembera bungwe lija kalata yamasamba anayi. Anamuyankha kuti nkhaniyo inatsekedwa kale, ndipo munthu amene anavulala m'mutu sangakhale mboni. Anatuluka m'bungwemo. Mpaka pano amabwera kawiri pachaka ndi ana a sukulu kudzaona njuchi.

Kamyar tinamuonanso kamodzi kokha, pa maliro a amayi a Barat. Anafika tsiku lachitatu atavala zakuda, tsitsi litayamba imvi, n'kukhala kumapeto kwa mkeka pakati pa amuna. Barat ananyamuka yekha, anathira tiyi, anamuikira patsogolo pamodzi ndi mbale ya zipatso za kanjedza, monga amachitira ndi mlendo aliyense wobwera kudzapepesa.

"Achimwene," anayamba Kamyar, "anali amayi anga nanenso. Ine masiku onsewa..."

"Pali anthu pano, adokotala," anatero Barat. "Ngati muli ndi mawu, nenani mokweza, onse amve."

Kamyar anayang'ana amuna onse aja, akuluakulu a m'mudzi, abusa, ogulitsa kumsika. Anatenga tiyi uja n'kumwa pang'ono.

"Mulungu awapatse mpumulo," anatero.

"Zikomo pobwera."

Anakhala kanthawi kochepa n'kutsanzika. Barat anamuperekeza mpaka pachipata, chifukwa mlendo saperekezedwa ndi maso. Galimoto itapita anabwerera, anakhala pafupi nane, n'kundifunsa ngati mpunga wa alendo ochokera kutali ukwanire kapena titumize wina kumsika.