Mzere Umene Ndinaimapo

Ku Bradford tinali ndi bungwe la Amalawi. Silinali lalikulu. Tinkakumana mu holo ya tchalitchi Loweruka lomaliza la mwezi. Maliro akagwa tinkathandizana, mwana akabadwa tinkapita kukamuona. Cheyamani wathu anali bambo wachikulire wa ku Ntcheu. Kumudzi ankaphunzitsa, kuno ankasambitsa nkhalamba kunyumba yosamalira okalamba. Tonse tinkangowatchula kuti aphunzitsi.

Ine ndinali ndi changa chobisa. Anthu ndinkawauza kuti mapepala anga ali bwino. Linali bodza. Ndinali nditapempha kukhala kuno ngati wothawa kwawo, ndipo mwezi uliwonse ndinkayenera kukasaina ku Leeds, ku ofesi yoona za olowa m'dziko. Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi. Chingerezi cha pa mafomu chinkandivuta. Aphunzitsi okha ndiwo ankadziwa, ndipo ndiwo ankandiperekeza. Tinkakumana pa siteshoni m'mawa, iwo ali ndi fulasiki ya tiyi ndi makapu awiri. Mu sitima ankandiwerengera makalata, n'kundiuza poyankha.

Tsiku lina munthu wa m'bungwe anawaona akutuluka mu ofesi ija. Ine sanandione, ndinali ndidakali m'kati. Sabata isanathe nkhani inali paliponse, yoti cheyamani amakapereka maina a anthu opanda mapepala. Mwezi womwewo mayi wina wa ku Wakefield anagwidwa kuntchito n'kubwezedwa kumudzi. Anthu anangolumikiza.

Malamulo athu ankalola kuchotsa cheyamani nthawi yake isanakwane, bola anthu avote. Wachiwiri wawo, bambo wolongolola woyendetsa takisi, anaitanitsa msonkhano wapadera. Munali mu Disembala.

Ndinakumana ndi aphunzitsi pakhomo la holo, akukutumula ambulera.

"Achimwene," anatero motsitsa mawu, "nkhani yanu ndi yanu. Ine sinditsegula pakamwa."

"Zikomo," ndinayankha. Basi. Ndinalowa n'kukhala kumbuyo, pafupi ndi hita.

Wa takisi uja sanazungulire.

"Aphunzitsi, ku Leeds mumakatani?"

"Ndimaperekeza munthu."

"Ndani?"

"Zimenezo sindinganene."

"Munthuyo ali muno?"

Wa takisi anatembenukira kwa ife, manja m'chiuno.

"Ngati alimo aimirire. Tikhululukirana, tizipita kwathu. Ena tili ndi shifiti."

Ndinayang'ana nsapato zanga. Zinali zonyowa. Mpando unkandiotcha, koma sindinadzuke.

"Mwina n'chibwenzi, asiyeni akulu!" wina anakuwa chakumbuyo. Holo yonse inaseka, akazi a aphunzitsi ali pomwepo. Nanenso ndinaseka. Kuseka kumeneko ndimakumvabe.

Mlembi wathu anali nesi wa pachipatala chachikulu, mayi wosakonda phokoso. Anatulutsa timapepala tovotera. Anthu anakana. Masiku amenewo cholembera tinkachiopa.

"Asisi, bwezani m'chikwama," anatero mayi wina. "Kalembedwe kanga kakapezeka ku Leeds. Tichite zakwathu. Aphunzitsi ndi wachiwiri wawo aime kutsogolo, ife tiime kumbuyo kwa amene tikumufuna."

Onse anavomera. Ndi momwe tinkasankhira anthu kumudzi pa zisankho za chipani. Mayi yemweyo anavula mpango kuti awamange m'maso awiriwo, asaone amene waima kwa yani. Wa takisi analola, akuseka. Aphunzitsi anakana.

"Sindine wakuba ine. Ndingoyang'ana kuzenera."

Anaima chotifulatira, manja kumbuyo. Anthu anayamba kukoka mipando.

Kumbuyo kwa aphunzitsi kunaima akazi awo, ndi banja lina lokalamba, ndi mayi mmodzi wa kwaya. Ena onse anakhamukira kwa wa takisi. Ine ndinaima pakati, ngati ndikufunafuna chipewa. Ndinkadziwa kuti ndikapita ku mzere waufupiwo anthu afunsa chifukwa chake, ndipo mawa adziwa. Mnzanga amene tinkatsuka naye magalimoto anandikoka jekete.

"Akulu, mwasochera? Kuno."

Ndinapita. Sanandikoke mwamphamvu. Ndinayenda ndekha.

Chimodzi tonse tinachiiwala. Kumudzi timavota panja, dzuwa likuswa mtengo. Kuno mu Disembala folo koloko kumakhala kutada kale. Panja mdima, m'kati magetsi, zenera lija linasanduka kalilole. Nditadzutsa mutu ndinaona nkhope ya aphunzitsi m'galasimo. Ankandiyang'ana. Sanakwinye nkhope. Anangondiyang'ana pang'ono, kenako anatsitsa maso, ngati wolakwa ndi iwo.

Mlembi ankawerenga pogwira aliyense paphewa. Atandigwira ine ndinamva ngati wandiika chizindikiro. Atamaliza mzere wathu anapita yekha kukaima ku mzere waufupi uja, n'kudziwerengera.

Aphunzitsi anatulutsa kiyi wa holo m'thumba n'kumupereka kwa wa takisi. Anathokoza anthu chifukwa cha zaka zitatu. Kenako anayamba kupinda nsalu za patebulo ndi kusanja mipando, monga ankachitira nthawi zonse. Ine ndinatuluka msanga, ndinati ndikuthamangira basi.

Tsiku langa lokasaina linafika patatha masabata awiri. Ndinapita ku siteshoni ndili ndi mtima umodzi, kuti sabwera, ndipo zikhala bwino choncho. Ndinawaonera patali. Anaima pamalo pathu, pafupi ndi pogulira matikiti, jekete lawo lakuda lomwe lija, fulasiki m'khwapa. Ankayang'ana wotchi.

Ndinabwerera. Basi za ku Leeds zimanyamukira pafupi pomwepo. Ndinakwera, ndinakhala m'chipinda chapamwamba cha basiyo, ndinazimitsa foni. Nditaiyatsa masana ndinapeza kuti anaimba kawiri. Fomu ya tsiku limenelo ndinailemba molakwa, anandibwezera katatu.

Kumisonkhano aphunzitsi sanabwerenso. Kutchalitchi anthu ankasiya mpata pa benchi yawo. Chaka chisanathe anasamukira ku Salford kwa mwana wawo. Wa takisi anakhala cheyamani mpaka bungwe linazilala lokha, anthu atatopa nalo. Mpaka lero alipo ena amene amati mkulu uja anali kazitape, ndipo ndikamva ndimasintha nkhani.

Mapepala anga anatuluka pambuyo pake. Ndinaitana anthu, tinaotcha nyama kuseri kwa nyumba. Ndinawauza kuti ndi tsiku langa lobadwa.

Nambala ya aphunzitsi ndili nayo. Mafoni ndasintha ambiri, ndipo nthawi iliyonse ndimaikopera mu yatsopano. Sindinaimbepo.