Boti Lowala Kumutu, Lotuwa Kumchira

Maboti khumi ndi anayi amagona pa doko lathu, ndipo khumi ndi limodzi mwa amenewa ndi otuwa ngati miyendo ya mwana wosadzola mafuta. Ndinawawerenga ndekha tsiku limene azakhali anga, alongo awo a bambo, anandiuza kuti akusiya ntchito. Ine ndimagulitsa zingwe, mabawuti, sandipepala ndi mafuta a injini m'kashopu ka m'mbali mwa msewu wotsikira kudoko. Shedi ya azakhali ili kuseri kwa kashopu kangako. Anthu amawatcha Mayi Kalilole, chifukwa boti likatuluka m'manja mwawo munthu amatha kupesa tsitsi akudziyang'anira pa nthiti zake.

Ntchitoyi anaiyamba mwangozi. Ali mtsikana ankakolopa ndi kupolisha pansi m'nyumba ya bwana wina yemwe anali ndi boti la fayiba, osati la matabwa. Tsiku lina polishi atatsalira m'chitini, anapaka pang'ono pa botilo kuti angoona. Malo aakulu ngati chikhatho anawala, ndipo bwanayo anasowa mtendere mpaka boti lonse litafanana ndi chigambacho. Kuchokera pamenepo sanagwirenso mopu. Sandipepala ndiye analera ana awo atatu, ndiyenso anafolera nyumba amuna awo atamwalira.

Boti la fayiba limachokera kufakitale ndi khungu lake losalala, ndipo mtundu wake uli m'kati mwa khungulo. Si penti yopaka pamwamba ayi. Dzuwa likaliwotcha kwa zaka, pamwamba pamafa n'kusanduka fumbi loyera ngati choko, moti ukatsamirapo umachoka ndi msana wa mphunzitsi. Ntchito ya azakhali ndi kuchotsa chakufacho kuti chamoyo chionekenso. Koma eni maboti anaphunzira njira yachidule: chitini cha penti, bulashi, tsiku limodzi, basi. Pentiyo imayamba kusendeka mvula ikangodutsa kawiri, koma iwo amati bola kutchipa. Shedi inakhala miyezi yambiri mulibe boti. Mwana wawo wamwamuna, msuweni wanga wa m'tauni, anali atawakonzera kale chipinda, ndipo ananena kuti adzawatenga mwezi ukatha.

"Ndizikakhala pakhonde n'kumapukuta masupuni," anatero azakhali akupinda nsanza zawo. "Mwina ndikapeza kuti firiji yawo yatuwa, ndikhale ndi chochita."

Ankaseka, koma nsanza imodzi anaipinda katatu.

Kuseri kwa nyumba ya msodzi wina wopuma kunali boti lovundikira, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Ndinaligula pa mtengo wa njinga yakale, mwini wake n'kundiwonjezera mazira awiri osafunsa. Maganizo anga anali oti azakhali alikonze ngati ntchito yotsanzikira, ndiligulitse kwa bambo wowolotsa anthu yemwe timamutcha Mafunde, phindu tigawane. Litafika pa ngolo, azakhali analizungulira manja ali kumbuyo.

"A Masamu," amanditchula choncho akafuna kundigemula, "mwagula boti kapena khola?"

"Mundiuze ndinu, azakhali."

Ananyowetsa chala chachikulu ndi malovu n'kuchikanikiza pa nthiti ya botilo. Atachotsa, panatsala kadontho kobiriwira ngati thambo la m'mawa pakati pa kutuwa konseko.

"Lili moyo," anatero. "Likanakhala lakufa, ngakhale ulilavulire tsiku lonse, silikanayankha. Tenga ndowa."

Botilo linali lalitali kuposa shedi, choncho tinalowetsa mutu wokha, mchira n'kutsala panja. Azakhali anamata tepi pakati kuti adziwe polekezera. Anayamba ndi sopo ndi madzi. Kenako anatembenukira ku mizere yofiira yomwe inkatsika kuchokera pa bawuti iliyonse.

"Iyi ndi misozi," anatero. "Osapukuta misozi usanachotse chomwe chikuliritsa mwana."

Anamasula mabawuti onse adzimbiri a mbali ya kumutuyo n'kundituma kuti ndibweretse a sitenilesi, osachita dzimbiri, a mushopu mwanga. Nditatchula mtengo wake anangondiyang'ana, ine n'kumeza mawu otsalawo. Atavala magolovesi anasungunula ufa wa asidi wochotsera dzimbiri m'madzi ofunda, kupaka pa mizereyo, kudikira pang'ono, kenako kutsuka ndi madzi ambiri. Misozi ija inazimirira osakanda n'komwe.

Sandipepala amamugwiritsa ntchito ali wonyowa, kuyambira wokhakhala pang'ono mpaka wosalala ngati tsamba la buku. Dzanja lawo limayenda mopepuka, madzi oyera ngati mkaka akuchucha m'chigongono. Amati khungu la boti ndi lopyapyala ngati chikhadabo, ukakanikiza kwambiri umaboola n'kufika pa fayiba, ndipo pamenepo palibenso kubwerera. Akathana ndi sandipepala amapaka phala lopukutira n'kuzunguliza nsanza mpaka thukuta litadontha pachibwano. Phula limabwera pomaliza, kuti dzuwa lisapezenso polowera. Nyimbo zomwe anasiya kuimba zinabwerera m'shedimo, zina za mawu osakwanira, mipata akudzaza ndi mluzu.

Mutu utatha, tinapempha onyamula katundu apadoko kuti atithandize kulitulutsa ndi kulitembenuza. Analitulutsa, kuliika pa migolo iwiri m'mbali mwa msewu, kenako lole ya simenti inafika, onse n'kuthamangira kumeneko. Boti linatsala pomwepo. Azakhali anachotsa tepi ija, ndipo panaoneka mzere wowongoka ngati wojambula ndi lula: mbali ino kubiriwira kowala, mbali inayo choko ndi misozi ya dzimbiri.

Woyamba kuima anali wa njinga yamoto, yemwe anakonza kolala akudziyang'ana kumutu kwa botilo. Kenako amayi awiri ogulitsa zipatso anatula madengu. Pomwe Mafunde amafika, panali kagulu.

"Mayi Kalilole, mwalumikiza maboti awiri?" anafunsa.

"Pezani msoko, bambo, ndikupatsani lonse ulere."

Mafunde anayendetsa chikhatho kudutsa pa mzerewo, kupita ndi kubwerera. Anakanda ndi chikhadabo, kenako ananunkhiza.

"Mulibe penti?"

"Penti ndi ya pa khoma. Uwu ndi mtundu wake womwe linabadwa nawo."

Mafunde anayang'ana kumunsi komwe maboti ake awiri anamangidwa, otuwa ngati abuluzi. "Ndiye kuti anga aja nawonso ali ndi zimenezi m'kati?"

"Ngati simunawapake zinthu zanu zija."

"Ndinatsala pang'ono. Chitini ndinagula kale." Anandiyang'ana ine. "Iwe, ili limalizeni ndiligula. Koma ayambe akonza langa laling'ono lija."

Mutu wanga unali utayamba kale kuthamanga. Ndikagulitsa botilo, phindu ndilidya kamodzi. Likakhala pa migolopo, aliyense wotsikira kudoko aziliona m'mawa ndi madzulo. Mwa maboti otuwa khumi ndi limodzi aja, atatu anapakidwa kale penti, ndiye otsala asanu ndi atatu. Lililonse lifuna sandipepala, phala, phula ndi mabawuti, ndipo zonsezo zili pa shelefu yanga.

"Ili sitikugulitsa, bambo," ndinatero. "Ndiponso sitilimaliza."

Amene anadabwa kwambiri ndi azakhali. Anandikokera m'shedi ndi mkono wa malaya.

"Iwe mwana wa achimwene, chibadwire ine sindinasiyepo ntchito ya theka. Anthu aziti Mayi Kalilole mphamvu zinathera panjira."

"Azakhali, bwana uja munamugwira ndi chiyani? Si chigamba cha chikhatho?"

Anasuzumira panja pomwe panali botilo. Kenako anaseka mpaka anakhala pa ndowa. "Ndiye ukundibera nzeru zanga zomwe n'kumandigulitsanso?"

"Pa mtengo wachibale."

Msuweni wanga atafika ndi galimoto yake mwezi utatha, anasowa poimika. M'shedi munali boti la Mafunde, panja lina la asodzi likudikira, ndipo mayi ake anali oyera mikono mpaka m'mapewa.

"Amayi, katundu wanu ali kuti?"

"Ndi uyu ukumuonayu. Akwana m'galimoto mwako?"

"Chipinda chija tinapaka penti ndi kuika makatani."

"Penti," anatero azakhali akupukusa mutu. "Nawenso. Chipindacho chisungeni, ndizibwera kudzaona adzukulu. Koma pano ndili ndi odwala pamzere."

Iye anatembenukira kwa ine. "Iwe msuweni, ndiwe wasokoneza mayi anga."

"Ine ndangogula khola la nkhuku."

Msuweni wanga anaima kaye akuyang'ana mayi ake mmene ankazungulizira nsanza akuimba, ndipo nkhope yake inamasuka. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti phewa lawo lakumanja lomwe limawawa tisaliphe. Anabwerera yekha, azakhali atamupukutira nyali za galimoto zomwe zinachita chikasu, iye asanapemphe.

Vuto latsala limodzi. Mzere wa pa boti lathu lachitsanzo ukuyenda. Ndinaika kachizindikiro ka pensulo pansi pake, ndipo sabata yatha ndinapeza kuti kuwala kwadutsa chizindikirocho ndi zala zinayi. Nditawafunsa, azakhali anati mwina ndi mphepo. Nsanza inali ikusuzumira m'thumba la epuloni yawo. Tagwirizana kuti misozi iwiri ya kumchira asaikhudze, ngakhale amati ikawayang'ana mtima umawawa.

Boti la Mafunde likatuluka, tigula makina opukutira amagetsi kuti phewa lija lipume, ndipo ndikoka waya kuchokera mushopu mwanga kufika m'shedi. Kenako ndikwera basi kupita kudoko la kumtunda ndi zithunzi za botili pafoni. Akuti kumeneko kuli maboti makumi awiri, ndipo ndikufuna ndikawawerenge ndekha.