Mkodzo wa Amalume

Chaka chimene ndinalowa koleji, mudzi wonse unandipatsa udokotala ndisanatsegule n'komwe buku. Ine ndinapita kukaphunzira ntchito ya mu labu, yoyeza magazi, makhololo, mkodzo ndi chimbudzi, pa kakoleji kena kophunzitsa anthu othandizira ntchito zachipatala. Ndinawafotokozera amayi kangapo, m'Chichewa ndi m'Chilomwe momwe. Ankagwedeza mutu kuti amva, koma akafika pa msika wa Chiringa ankawauza anzawo ogulitsa nandolo kuti mwana wawo wamkazi akuphunzira udokotala.

Akanangoona mmene tinkaphunzirira! Kalasi yonse tinali ndi maikulosikopu awiri, makina aja oonera tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo amodzi anali akufa babu. Tinkaima pamzere ngati pachigayo. Usanaone chilichonse, wakumbuyo wayamba kale kukugwira phewa. Magetsi akathima, aphunzitsi ankajambula mazira a tizilombo pabolodi, ndipo dzira lililonse linkatuluka ngati mbatata. Titadandaula, anati zenizeni tikaziona kuchipatala.

Chaka chachiwiri anatitumiza m'zipatala kuti tikaphunzire pogwira ntchito. Ine anandipatsa chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwathu, choncho ndinkagona kwa amayi, m'mawa n'kupalasa njinga. Mu labu munali mayi mmodzi wachikulire, wosakonda zolankhulalankhula. Masabata awiri oyamba anandipatsa ntchito yotsuka timagalasi toyezera basi. Madzulo ndikafika kunyumba manja atayera ndi sopo, ndinkapeza anthu pakhonde akudikira adokotala. Wina msana, wina dzino, wina wabwera ndi mapiritsi opanda dzina m'kapepala kuti ndimuuze ntchito yake. Bambo wina anafika ndi nkhani ya mbuzi yake yotsegula m'mimba. Ndikati pitani kuchipatala, ankachoka akung'ung'udza kuti sukulu yandipatsa matama.

Ndiye Loweruka lina m'mawa kunabwera amalume, mchimwene wawo wa amayi. Amalima mpunga m'dambo la Chilwa, akakolola amalowa m'bwato kukapha matemba. Anafika pa njinga akazi awo ali pakaliyala, ndipo nditawaona ndinadzidzimuka. Munthu uja anali wamphamvu ngati ng'ombe, koma tsopano malaya ankawalendewera. Akazi awo anakokera amayi kuseri kwa nkhokwe, ndipo ndinamva ndithu zimene ananong'ona: papita miyezi amalume akukodza magazi.

Titapatsana moni, amalume sanazungulire.

"Mphwanga, ndabwera kuti undibaye jakisoni. Imodzi yokha, koma yamphamvu."

"Amalume, ine sindibaya anthu. Sindinaphunzire zimenezo."

"Nanga zaka ziwiri zonsezi ukuphunzira chiyani?"

"Kuyeza. Zimene mukumvazo zikhoza kukhala likodzo, limagwira anthu olowa m'madzi. Koma mpaka tiyeze mkodzo kaye, ndiye adokotala akupatseni mankhwala oyenera."

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Mkodzo wanga uuone iwe? Mwana wa mlongo wanga?"

Ndinafuna kuwafunsa kuti nanga jakisoni amene akufunayo amabaya pati, koma ndinameza mawu. Iwo anapitiriza kuti kunyanja kulibe mwamuna amene sanakodzepo magazi, kuti vuto lawo n'kufooka chabe, ndipo kufooka mankhwala ake ndi jakisoni. Amayi, m'malo mondithandiza, anandiitanira kukhitchini.

"Ungawamane bwanji amalume ako? Sungatengeko kamodzi kokha kuchipatalako, n'kudzawabayira kuno?"

"Amayi, mukufuna ndibe mankhwala, ndibaye munthu ndisakudziwa kubaya, andichotse sukulu?"

"Ine ndati kuba? Ndati kutengako."

Amalume anakhala pakhomo masiku atatu. Ankakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, akudya nyemba za kalongonda zimene amayi anawaphikira, ndipo aliyense wodutsa ankamuuza kuti aphunzitsa mwana amene akuwakaniza mankhwala. Ndikawapatsa moni ankayankha akuyang'ana kuphiri. Ndinalankhula mpaka mawu anandithera. Amene anawagonjetsa ndi akazi awo. Lachiwiri m'mawa anangomanga mpango n'kunena kuti iwo akubwerera kunyanja okha, mbalame zikutha mpunga, ndipo amene akufuna kufera pansi pa mango afere pomwepo. Amalume anadzuka n'kuvala jekete. Koma anaika lamulo: apita kuchipatala, koma ine ndisayandikire botolo lawo.

Kuchipatala adokotala enieni anawamvetsera, n'kuwatumiza ku labu, monga ndinanenera masiku atatu onsewo. Anabwera pawindo lathu botolo atalikulunga m'mpango wa m'thumba. Ine ndinali pasinki. Anapereka kwa mayi wa mu labu uja, n'kundiloza ndi chala, akulankhula mokweza kuti mzere wonse umve.

"Muyeze inuyo, mayi. Osati uyo."

"Khalani pabenchi, bambo," anatero mayiyo.

Anathira mkodzowo m'kachubu, anauzunguza pa makina, anadontheza pa kagalasi n'kuika pa maikulosikopu. Anayang'ana pang'ono, kenako anasuntha mpando.

"Wophunzira, bwera kuno."

Ndinanong'ona kuti eni ake akana.

"Wabwera kudzaphunzira kapena kudzatsuka? Pano pali nambala, palibe malume. Yang'ana, undiuze chimene ukuona."

Ndinaika diso. Panalibe wondigwira phewa. Ndinazunguza kagudumu pang'onopang'ono, ndipo chinthu chija chinaonekera: dzira lowulungika motalika, loyera mbee, lili ndi kaminga kakuthwa kunsonga. Pambali pake lina, ndi linanso. Silinkafanana ndi mbatata ngakhale pang'ono. Ndinati, "Likodzo." Mayiyo anangoti, "Lemba." Ndinalemba, iwo anasaina, ndipo anakapereka okha pawindo. Mumtima ndinali ndi chimwemwe chimene sindikanauza munthu aliyense kwathu, komanso kamanyazi, chifukwa ndinachita chimene amalume anakana.

Ndinkaganiza kuti nkhani yatha. Ayi ndithu. Patapita kanthawi ndinamva phokoso kuwindo la mankhwala. Anali amalume. Anawapatsa mapiritsi, n'kuwauza kuti ayambe adya chakudya asanamwe.

"Mapiritsi! Ndapalasa njinga kuchokera ku Chilwa kudzalandira mapiritsi? Jakisoni mukusungira ndani?"

Akazi awo anawagulira chinangwa chophika pageti, n'kuwaimirira mpaka anameza onse. Pobwerera kunyumba ndinayesa kuwafotokozera kuti tizilombo ta likodzo timakhala mu nkhono za m'madzi, timalowa pakhungu, ndipo akapitiriza kulowa m'dambo opanda nsapato za jombo adzadwalanso. Anandifunsa ngati ndinaonapo munthu akuwokera mpunga atavala jombo. Matope a kumeneko amavula jombo phazi loyamba lomwe.

Anachira. Patapita mwezi anatumiza uthenga kuti magazi asiya, mphamvu zabwerera, ndipo tithokoze mayi wa mu labu uja, munthu wodziwa ntchito yake. Za ine sananenepo kanthu.

Koma akazi awo anali ataona zonse pawindo tsiku lija, ndipo kunyanja anauza amayi anzawo kuti mphwawo wa amuna awo amaona matenda m'botolo. Lachisanu lina ndikuchokera kuchipatala, ndinapeza pakhonde palibe munthu, ndipo ndinapuma. Nditazungulira kuseri kuti ndiike njinga, ndinaona mabotolo asanu ndi awiri atandandalikidwa bwinobwino pamthunzi wa nkhokwe. Ena anali a zakumwa, lina la mafuta ophikira, lililonse atalimanga kansalu ka mtundu wake pakhosi. Anabwera nawo wakabaza wochokera kunyanja kuyambira m'mawa.

"Amayi! Izi n'chiyani?"

"Ndawaika pamthunzi kuti asawonongeke," anatero akupeta mpunga. "La kansalu kofiira ndi la apongozi awo a amalume ako. Uyambe limenelo, ndi achikulire."

Ndinakuwa tsiku limenelo mpaka nkhuku zinathawa. Ndinati ndilibe makina pakhomo, kuti mkodzo wogona tsiku lonse suyezedwa, kuti munthu amapita yekha kuchipatala. Amayi anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anafunsa kuti ndiye eni mabotolo awauze chiyani.

Ndinakataya zonse kuchimbudzi, ndinatsuka manja katatu. M'mawa mwake ndinapalasa njinga mpaka kunyanja, tinsalu tija tili m'thumba, n'kumafunsa khomo ndi khomo kuti kansalu aka ndi ka ndani. Anayi mwa iwo anabwera kuchipatala Lolemba. Atatu enawo anati adikira ndimalize sukulu kaye.