Mawanga a Mayi Mafailo

Kwa zaka khumi ndi zinayi Mayi Mafailo anakhala m'kachipinda kakuseri kopanda zenera, pakati pa mashelefu ndi mphemvu. Analembedwa ntchito yolandira alendo, koma mawanga oyera atayamba kuwatuluka m'manja ndi kumaso, bwana anazindikira mwadzidzidzi kuti mafailo akusowa munthu wodekha. Adokotala analemba kuti ndi vitiligo, si khate, sapatsirana. Bwana anadinda kalatayo bwinobwino, n'kuwauza kuti akaisunge mufailo.

Mayiwo ankangofuna chinthu chimodzi: mpando wawo wakutsogolo uja.

Ndiye kunabwera kalata yochokera kulikulu. Dziko lonse, inatero kalatayo, latsekuka maso pa za vitiligo, ndipo nthambi iliyonse itumize chithunzi cha wantchito wamawanga, akumwetulira.

Bwana anafika yekha kuseri kuja, akutsokomola ndi fumbi.

"Achemwali anga! Mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka, bwana. Mwasochera?"

"Tikufuna nkhope yanu."

"Yomweyi? Ija yothawitsa alendo?"

Anagwirizana kuti awajambulira pa desiki yakutsogolo. Anakhalapo mphindi zisanu, kenako anabwezedwa kumphemvu zawo.

Koma wojambulayo anali katswiri wa zithunzi za maukwati, wozolowera kufafaniza ziphuphu za akwati. Pofuna kusangalatsa kasitomala, anachotsa banga lililonse pakompyuta. Bwana, amene sankawerenga chimene akusainira, anatumiza.

Likulu linayankha msanga: mayi wosalala ameneyu ndani? Lekani kunamiza akuluakulu a kampani. Chithunzi chenicheni chifike Lachisanu, apo ayi bwana abwere adzafotokoze.

"Achemwali, tijambulenso," anatero bwana, thukuta lili kamukamu.

"Pepani bwana, mawanga anga atopa. Kuseri kuno kulibe dzuwa, saoneka bwino."

"Mayi, musandiphe ine. Ndili ndi ana."

"Inenso ndili nawo. Lembani kuti ndabwerera kutsogolo mpaka kupuma ntchito. Makope atatu, chidindo chofiira."

Bwana anatayipa yekha ndi zala ziwiri. Mayi Mafailo anawerenga mosathamanga, napeza kuti deti yalakwika, n'kumubwezera. Atakonza, anagwirana chanza, bwana akuyang'ana kudenga.

Wojambula atabweranso, mayiwo anakhala pampando, nayala manja onse awiri padesiki.

"Achimwene," anatero, "mawangawa alipo makumi awiri ndi atatu. Ndiwawerenganso pachithunzipo mukamaliza."