Ulaliki Wanga kwa Mayi Alufandika

Ndikukumbukira ulaliki wanga woyamba, umenenso unali womaliza. Ndinali ndi zaka ngati khumi, kabudula wong'ambika kumbuyo, ndipo mpingo wanga unali wa munthu mmodzi: mayi Alufandika, oyandikana nafe nyumba kumudzi kwathu kuseri kwa Ngabu. Anali gone pamphasa pakhonde, malungo atawafinya. Ine ndinaima kumutu kwawo n'kuwauza kuti mpheta zawadyera mapira chifukwa cha machimo awo.

Nzeru imeneyi ndinaitola m'kabuku. Sukulu ndinkapita modumphadumpha chifukwa cha ubusa wa mbuzi, choncho kuwerenga ndinadziphunzitsa pa chilichonse cha zilembo: matumba a thonje, mapepala okulungira nsomba, ndi kabuku kena ka bambo kokhala ndi chithunzi cha moto pachikuto. Ndinkawerenga ndi chala pansi pa mtengo wa bwemba. Nditatha masamba atatu ndinaona kuti zakwana: wochimwa amalangidwa, basi. Tsono aliyense ankadziwa kuti mayi Alufandika nthawi zina ankajomba kutchalitchi n'kukalinda mbalame kumunda. Anali amasiye, opanda mwana wowalindira. Atadwala sabata imodzi, mpheta zinapeza munda wopanda mwini. Ine ndinalumikiza ziwirizi n'kudziona wophunzira.

Mayiwo sanakalipe. Anangotsegula diso limodzi n'kuthokoza m'Chisena chawo: "Takhuta, abusa." Mayi anga atamva, anandikoka khutu kuchokera kumjigo mpaka kunyumba. Ine mumtima ndinkangoti aneneri amazunzidwa ndithu.

Patatha masabata awiri, Lamulungu, banja lathu lonse linali m'tchalitchi. Bambo anali mkulu wa mpingo, ndipo kwathu kulinda mbalame tsiku limeneli kunali koletsedwa. Tinangomanga zitini pazingwe kuti mphepo itilindire. Koma tsikulo kunalibe ndi kamphepo komwe, kutentha kwa kuno kwathu kuja kosungunula munthu ali pamthunzi. Titaweruka tinadzera kumunda. Mpheta zinadzuka ngati utsi, kulira kwake kogonthetsa m'khutu, ndipo pangala za mapira panangotsala mankhusu. Mayi anakhala pansi pamzere. Bambo anavula chipewa n'kuchivalanso.

Apa maphunziro anga ananditembenukira. Ngati mpheta zimatsata tchimo, wochimwa m'nyumba mwathu anali ndani? Bambo ayi. Mayi ayi. Panatsala ine. Ndinayamba kukumbukira shuga amene ndinkanyambita mayi akapita kumadzi, mkaka wa mbuzi umene ndinkakamira m'kamwa kubusa, ndi nkhunda ya eni imene ndinaigwetsa ndi legeni. Ndinatsimikiza kuti banja lathu ligona ndi njala chaka chonse chifukwa cha ine, ndipo moto wa pachikuto uja ukundidikira. Masiku awiri chakudya ndinkangochisiya m'mbale. Mbuzi ikatsokomola, ndinkati chilango chachiwiri chayamba. Kuulula kwa bambo ndinkaopa, kukhala chete ndinkaopanso.

Lero ndine bambo wa imvi, ndipo ndimawerengabe ndi chala, ana anga akundiseka. Kabuku kaja ndinadzakamaliza nditakula. Kani masamba akumapeto ankanena za chikhululukiro, ndipo anali ambiri kuposa a moto aja! N'chifukwa chake anzanga akandifunsa choti awerenge pa nkhani ya tchimo, ndimati yambani ndi nkhani ya m'malemba ya munthu wolungama uja amene anataya zonse, anzake n'kumamuumiriza kuti avomere mlandu umene sanapalamule. Muiwerenge mpaka kumapeto, osati kutapa vesi limodzi ngati mchere. Mukatero mupite ku mauthenga abwino, mukaone mmene Ambuye ankayankhira anthu ofunsa kuti wachimwa ndani. Tchimo lilipo ndithu, sindikukana, ndipo limapweteka mwini wake ndi anzake omwe. Koma masiku ano madzi akasefukira ku Nsanje, uthenga umafika pafoni mvula isanakate, wonena kuti anthu akumeneko akulangidwa. Chondisangalatsa n'chakuti achinyamata a mumpingo mwathu sautumiza kwa ena. Amasonkha mabulangete ndi ufa n'kunyamuka.

Tsono nthawi ija, tsiku lachitatu mpheta zitatidyera mapira, mayi Alufandika, atapezako bwino, anandiitana. Anali atakumba mbatata kudimba lawo la kudambo, dengu lodzaza, zoti ndikapereke kwathu. Nditaona dengulo ndinayamba kulira. Ndinawapepesa, kenako n'kuwakhuthulira zonse, za shuga, za mkaka, za nkhunda, ndi kuti mapira athu atha chifukwa cha ine. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kundigwira paphewa ndi dzanja lamatope.

"Iwe, pukuta mamina. Za shugazo ukapepese kwa amako, za nkhunda kwa eni ake. Koma Mulungu akanati azitumiza mpheta kwa aliyense wolakwa, m'chigwa muno akanakolola mapira ndani? Senza dengu, kwanu aphike."