Kompyuta ya Njira ya Kumanda

Consolata anabadwira pa esiteti ya fodya ku Chiosya, mwana wa matenanti ochokera ku Thyolo. Munda alibe, ndipo ku Thyoloko sanapondeko. Chake n'chimodzi: mpando mu ofesi ya a Goliati pa boda ya Mchinji, pomwe iye ndi mnzake Ivy amatumiza pa intaneti mapepala a katundu wa mathiraki.

Ofesiyo ili ndi njira ziwiri za netiweki, ndipo kabokosi kotchedwa swichi ndiko kamagawa ntchito. Katswiri yemwe anakaika anakauza kuti njirazo n'zofanana, kenako anathawira ku Joni, pasiwedi ya kabokosiko ili m'mutu. Kabokosiko kumvera kwake n'kopusa. Kakaona kompyuta ya Ivy kamaiponya kumanja, ya Consolata kumanzere, osaphonyetsa.

Tsoka lake, njira ya kumanzere imadutsa pamwamba pa manda kupita ku nsanja ya netiweki, ndipo mitengo ya kumeneko yakula mpaka kutchinga. Nanga ndani angalowe kumanda ndi nkhwangwa? Ngakhale a Goliati ndi ukali wawo wonse amangomeza mate.

Choncho mapepala a Consolata ankakwawa. "Mayi, thiraki yanga imere mizu pano?" ankakalipa madalaivala, n'kusamukira kwa Ivy.

"Bwana, vuto ndi netiweki," anadandaula Consolata kwa a Goliati.

"Njira n'zofanana. Iwe ndiwe wa manja lende. Mwezi ukatha, pano patsala mmodzi."

Consolata anachita mantha. Akachotsedwa alowera kuti? Kubwerera kosoka fodya m'chigafa?

Wokonza mafoni pamsika ndiye anamutsina khutu. "Kabokosiko sikadziwa munthu, achemwali. Kamadziwa kompyuta."

Makompyuta awiriwo anali ofanana ngati mazira. Koma Ivy ndiye anamulandira Consolata atafika pa boda ndi kachikwama kamodzi, n'kumugoneka pa mphasa yake. Consolata anaganiza mlungu wonse mpaka mutu kuwawa. Lolemba analawirira, ofesi ili zii, ndipo anasinthanitsa makompyutawo.

Tsiku limenelo mapepala ake anauluka. Madalaivala anamuseketsa, wina anamugulira ndi mtedza wokazinga. Kumbuyo kwake ankamva anthu akukalipira Ivy.

Poweruka Ivy anamugwira dzanja, maso ali psuu. "Asisi, sindikudziwa chandigwera lero. Inu mumapemphera kwambiri. Mundipempherereko."

"Ndikupempherera," anatero Consolata, akuyang'ana pansi.